Kodi ndilankhule m'chinenero chiti pamsonkhano wa za ngozi za mvula ku Chilobwe?

Nabanda, Chilobwe

Akuluakulu ndi abale nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kuima pagulu. Ndine mlembi wa komiti ya m'dera lathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo anzanga andisankha kuti ndikalankhule m'malo mwa komiti pamsonkhano umene tikufuna kuchititsa mvula isanayambe. Nkhani yaikulu ndi ya mabanja amene akukhalabe m'munsi mwa phiri la Soche ndi m'mbali mwa makhwawa, komanso ya ngalande zimene zinatsekeka ndi mchenga ndi zinyalala. Pomaliza ndiyenera kufotokoza mmene tinagwiritsira ntchito ndalama zimene anthu anasonkha. Andipatsa mphindi 15 zokha.

Pabwalopo padzakhala mafumu, a khansala, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, amayi a malonda, achinyamata, ndiponso alendo ochokera ku bungwe lina limene limatithandiza, ndipo mmodzi wa alendowo samva Chichewa. Anzanga ena m'komiti akuti ndilankhule Chingerezi wina azimasulira, kuti alendo aone kuti ndife anthu odziwa chimene tikuchita. Ena akuti ndilankhule Chichewa chokhachokha chopanda liwu lachilendo ngakhale limodzi, pamene ena akuti ndingosakaniza monga timachitira masiku onse. Chimene chikundidetsa nkhawa koposa n'chakuti ambiri mwa anthu amenewa anataya abale awo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mawu osasankhidwa bwino angathe kuwapweteka mtima m'malo mowathandiza. Kodi ndichite bwanji?

Chisale, mphunzitsi wopuma, Zingwangwa

Mayi Nabanda, musanasankhe chinenero yambani mwadzifunsa kuti ndani pabwalopo amene ayenera kuchitapo kanthu akamva mawu anu. Alendo anuwo sadzasamutsa ana usiku mvula ikalimba, ndipo sadzagwira fosholo kuchotsa mchenga m'ngalande. Amene adzachite zimenezi ndi amayi ndi abambo a ku Chilobwe, choncho mawu anu ayenera kuwafika iwowo osadzera kwa munthu wina. Ine ndikuti mulankhule Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Maganizo a anzanu amene akufuna Chingerezi ali ndi kumene adachokera, ndipo n'kofunika kuwamvetsa kuti muwayankhe mwaulemu. Dr Hastings Kamuzu Banda atatera pabwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja kwa dziko lino zaka zambirimbiri, ankalankhula kwa anthu m'Chingerezi, ndipo pambali pake pankaima womasulira. Akuluakulu amakumbukira a John Msonthi pantchito imeneyi, ndipo pambuyo pake a John Tembo. Kwa zaka zoposa 30 mtundu wonse udazolowera kuona mtsogoleri akulankhula Chingerezi, Chichewa n'kumabwera pambuyo kuchokera pakamwa pa wina. Ngakhale kuti msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa 1968 udakweza Chichewa kukhala chinenero cha fuko, Chingerezi chidakhalabe cha m'maofesi, ndipo mpaka lero gawo 51 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. N'chifukwa chake ambiri a ife timaganiza kuti munthu akayamba Chingerezi ndiye kuti nkhani yake yalemera.

Komatu mbiri yomweyo ikutiphunzitsanso zina. Mawu amene ankadzutsa khamu pamisonkhano ya Kamuzu anali akuti "Kwacha!" ndi "Ufulu!", amene sankafuna womasulira. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 idagwedeza dziko chifukwa idawerengedwa m'matchalitchi m'zinenero zimene anthu amalankhula kunyumba, kotero kuti mayi wa ku Ndirande adadzimvera yekha nkhani ya malipiro ochepa ndi ya mantha olankhula, osachita kuuzidwa ndi mwana wake wa ku sekondale. Miyezi iwiri isanathe n'komwe, ogwira ntchito m'makampani a mumzinda uno adanyanyala ntchito, ndipo mu Juni 1993 kudachitika riferendamu yoti anthu asankhe pakati pa ulamuliro wa chipani chimodzi ndi wa zipani zambiri. A Bakili Muluzi, amene adapambana chisankho cha 1994, ankakoka makamu ndi Chichewa cha tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale amene sankagwirizana nawo pandale amavomereza kuti anthu ankabwerera kunyumba akubwereza zimene amva.

Palinso vuto la nthawi limene anzanuwo sadaliganizire. Mukalankhula kudzera mwa womasulira, mphindi 15 zija zimagawika pakati, ndipo inu mumatsala ndi theka lokha. Kuwonjezera apo, anthu amamva mawu amene womasulirayo wasankha, osati anu. Inu mukhoza kulankhula mwachifundo, iye n'kumasulira mokalipa, kapena mukhoza kuchenjeza mwamphamvu, iye n'kufewetsa poopa mafumu. Pankhani yokhudza miyoyo ya anthu simuyenera kupereka mphamvu yotere m'manja mwa wina. Mlendo wosamva Chichewayo mumulonjere ndi ziganizo ziwiri za Chingerezi, mumuuze kuti nkhani yonse ikhala m'Chichewa, mumupatse pepala limodzi lolembedwa mfundo zanu m'Chingerezi, kenako mukhazike pambali pake munthu womunong'oneza zimene zikukambidwa. Mlendo wanzeru amakondwa akaona anthu akumvetsera ndi kufunsa mafunso, pakuti n'chimene bungwe lake lidamutumira.

Nambewe, msungichuma wa gulu la banki m'khonde, Bangwe

Achemwali Nabanda, ndikugwirizana ndi aphunzitsi kuti Chichewa chitsogole, koma ndikufuna kukuchenjezani za anzanu ena aja amene akufuna Chichewa chopanda liwu lachilendo. Pankhani ya ndalama maganizo amenewo angakulowetseni m'mavuto. Mumsika wa Limbe palibe amene amatchula mtengo kuti zikwi zisanu. Aliyense amati faifi sauzande, ngakhale agogo amene sanapondeko m'kalasi. Mukaima n'kunena kuti tinatolera zikwi mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi, anthu amayamba kuwerengera zala, amatayika pakati, ndipo wina kumbuyo amayamba kunong'ona kuti mlembiyu akuzungulira dala kuti tisamve. Tchulani ndalama monga mmene anthu amazitchulira akamagula ufa. Mawu ngati simenti, kalavati, wilibala, lisiti ndi komiti anakhazikika kale pakati pathu, ndipo palibe chifukwa chowasakira ena atsopano.

Chingerezi chimene chimasokoneza ndi china: ndi mawu aataliatali a m'malipoti a mabungwe, amene anthu amabwera nawo akachoka ku maphunziro a m'mahotela. Munthu amalankhula chiganizo chimene mwa mawu khumi, asanu ndi a Chingerezi, ndipo asanuwo ndiwo asenza nkhani yonse, Chichewa n'kungotsala cholumikizira. Amayi amagwedeza mutu mwaulemu, koma mukawafunsa potuluka kuti agwirizana zotani, amakuuzani kuti anena zachitukuko basi. Liwu lililonse lotere limene lakulowani m'kamwa mulifunse kuti kodi likutanthauza kuti ndani achite chiyani, ndipo yankho lakelo ndilo mukanene.

Pofotokoza ndalama, chiwerengero chilichonse muchisandutse chinthu chooneka. Nenani kuti tinagula matumba akutiakuti a simenti, lililonse pamtengo wakuti, ndipo simentiyo ili pakalavati ya pafupi ndi chigayo chija. Ife pagulu lathu timalemba ziwerengero papepala lalikulu n'kulipachika pamene aliyense angaone, malisiti n'kukhala patebulo. Ngati ndalama zinagula zochepa kuposa mmene munalonjezera, fotokozani chifukwa chake m'njira yomweyo. Pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiwerengero chimenecho pachokha sichinauze amayi a kuno kanthu. Anamvetsa pamene tinaika pamodzi mtengo wa katundu mmodzi yemweyo, wa mwezi wathawo ndi wa mwezi umenewo. Chimodzimodzi mukafuna kunena kuchuluka kwa nyumba zimene zili pangozi, ndi bwino kunena kuti pa nyumba khumi zilizonse, zakutizakuti zili m'njira ya madzi.

Chinthu china chimene ndikuchiona kukhala chachikulu ndi kalankhulidwe kobisa wochita. Mukanena kuti ndalama zinagwiritsidwa ntchito, zipangizo zinagulidwa, ngalande zidzakonzedwa, anthu a mumzinda uno anamva mawu otere kambirimbiri kwa andale, ndipo amadziwa kuti pamene sipanatchulidwe munthu palibenso womufunsa. Nenani kuti ine ndi a msungichuma tinakagula ku Limbe tsiku lakuti, ndipo ngalande ya kumunsi idzakumbidwa ndi mabanja a m'mudzi mwa mfumu yakuti Loweruka lakuti. Chiganizo chokhala ndi mwini wake chimakhulupirika, chifukwa wolankhulayo wadziika poti akhoza kugwidwa ngati wanama.

Mbewe, woyendetsa miyambo ya maukwati ndi maliro, Ndirande

Mayi, ine ndikambepo za malonje ndi miyambi, pakuti ndi pamene olankhula ambiri amathera nthawi yawo. Mafumu ayenera kulandira ulemu wawo poyamba, ndipo zimenezi sizidumphidwa. Funsiranitu kuti pabwera mafumu ati ndipo wamkulu ndi uti, chifukwa kusinthanitsa mfumu yaikulu ndi nyakwawa ndi mlandu umene umakambidwa msonkhano utatha kale. Koma ngati woyendetsa mwambo watchula kale aliyense ndi dzina ndi udindo wake, inu simufunika kubwerezanso mndandanda wonsewo. N'kokwanira kunena kuti zikomo mafumu athu, a khansala, atsogoleri a zipembedzo zonse, alendo athu, amayi ndi abambo, kenako n'kupempha chilolezo cholankhula pamaso pawo. Onani kuti ndati a zipembedzo zonse. Mukangoti a mipingo, mashehe amene akhala kutsogolo aja amadziona ngati sanaitanidwe.

Blantyre ndi mzinda wa Amang'anja, Ayao, Alomwe, Asena, Angoni, Atumbuka ndi ena ambiri, ndipo anthu amanyadira zinenero zawo. Akuluakulu akukumbukira kuti Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ya MBC mu 1968 n'kudzabwerera mu 1994, ndi kuti zinenero zina monga Chiyao, Chilomwe ndi Chisena zinayamba kumveka pankhani za pawailesiyo pambuyo pake. Moni wa m'chinenero cha munthu umamutsegula mtima, koma mupereke pokhapokha ngati mumautchula bwino. Pamsonkhano wokamba za imfa ndi kusamuka, kuseketsa anthu chifukwa cha katchulidwe kolakwika kumachotsa kulemera kwa nkhani. Musadzivutenso ndi Chichewa chozama cha kumidzi ya ku Dowa kapena ku Kasungu. Chichewa chimene chimatigwirizanitsa mumzinda muno n'chokwanira, bola chikhale chaulemu ndi chopanda mawu a m'misewu a achinyamata.

Za miyambi, sankhani umodzi wokha ndipo muuyeze bwino musanaunene. Mwambi uli ndi mano. Mukati walira mvula walira matope, kapena safunsa anadya phula, pamaso pa munthu amene nyumba yake inakokoloka ali ndi ana m'katimo, mwamuuza kuti anadzichititsa yekha, ndipo sadzamvanso chilichonse chimene munganene pambuyo pake. Umene ndikuuona woyenera ndi wakuti nkhanga zinapangana kusanapse, chifukwa suloza munthu chala, ndipo ukufotokoza chifukwa chenicheni chimene mwasonkhanira mvula isanagwe.

Nangozo, mlangizi wa zaumoyo, Chilomoni

Achemwali, zimene anena a Mbewe za ulemu n'zoona, koma ndikufuna kuikapo chenjezo lochokera pantchito yathu. Ulemu wathu uli ndi chizolowezi chofewetsa mawu, ndipo pankhani ya ngozi kufewetsako kumapha. Mukanena kuti mwina tikanaganizirako zosunthako pang'ono, munthu amamva kuti nkhaniyo ndi yoti akhoza kuiganizira chaka chamawa. Ulemu wonse muuike m'malonje, m'kamvekedwe ka mawu ndi m'kutchula anthu moyenera, koma mukafika pa chimene anthu ayenera kuchita, mawu akhale owongoka ndi afupiafupi. Tinaziona pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unachititsa kuti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Uthenga wakuti tisamale ukhondo unkangodutsa, pamene wakuti thirani klorini m'ndowa ya madzi akumwa, ndipo wotsegula m'mimba muthamange naye kuchipatala tsiku lomwelo akumwa thanzi m'njira, unkagwira ntchito chifukwa munthu ankadziwa choti manja ake achite.

Inunso mutero. A nthambi yoona za nyengo akamachenjeza amatchula mamilimita a mvula, koma mayi wa m'munsi mwa phiri alibe choyezera. Muuzeni zizindikiro zimene angaone ndi maso: mvula yosaleka usana ndi usiku, madzi a m'khwawa osanduka matope okhaokha, ming'alu yatsopano pakhoma kapena pansi. Mutchule dzina la sukulu kapena tchalitchi chimene komiti yagwirizana kuti anthu athawireko, njira yodzera, ndi chizindikiro chimene chidzawadzutse, kaya ndi belu kaya ndi wenzulo. Mfundo imeneyi muinene kawiri ndi mawu omwewo osasintha, chifukwa mukasintha mawu pobwereza, ena amaganiza kuti mwanena zinthu ziwiri zosiyana.

Za amene anatisiya, mawu ake mukuwadziwa kale monga mmene timalankhulira pamaliro: abale athu amene anatisiya, amene tinawataya usiku uja. Musafotokoze mmene matope ndi miyala zinatsikira, pakuti anthuwo anaziona okha kuposa aliyense wa ife. Chiganizo chimodzi chowakumbukira ndi kanthawi kochepa kokhala chete n'zokwanira. Samalaninso ndi mawu akuti inu ndi ife. Mukati inu amene munamanga m'phiri, mwagawa bwalo pawiri, ndipo mwaiwala kuti ambiri anapita kumeneko chifukwa lendi ya m'munsi inawakanika. Mukati ife okhala m'dera lino, mwakhala nawo mbali imodzi, ndipo chenjezo lanu limamveka ngati la mbale.

Konzekeraninso funso limene lidzabwere ndithu, lakuti tisamukire kuti. Komiti yanu ilibe malo ogawa, choncho musalole kuti kufuna kutonthoza anthu kukulankhulitseni lonjezo. Nenani poyera chimene komiti ingathe ndi chimene ili nacho mphamvu yongopempha, ndipo funso la malo mulipereke kwa a khansala ndi mafumu pomwepo anthu akumva.

Nabanda, Chilobwe

Zikomo kwambiri nonse, ndipo malangizowa ndikawafotokozera anzanga m'komiti. Ndatsala ndi funso limodzi kwa aphunzitsi a Chisale. Lipoti la komiti linalembedwa kale m'Chingerezi chifukwa ndi limene timatumiza ku bungwe lija. Kodi ndilimasulire m'Chichewa n'kukaliwerenga pamsonkhano, kapena ndikalankhule za m'mutu?

Chisale, mphunzitsi wopuma, Zingwangwa

Mayi Nabanda, lipotilo lisiyeni likhale la alendo. Likamasuliridwa chiganizo ndi chiganizo limatuluka ndi mawu a Chichewa koma mayendedwe ake amakhalabe achilendo: ziganizo zimatalika, mfundo yofunika imakabisala kumapeto, ndipo mayina a zinthu zosaoneka monga kuthekera, kulimbikitsidwa ndi kukhazikitsidwa amachuluka kuposa aneni osonyeza ntchito. Womvera amazindikira msanga kuti akuwerengeredwa kalata ya anthu ena. Werengani lipotilo mpaka mulimvetse, mulitseke, kenako mufotokozere munthu wamkulu wa kunyumba kwanu zimene zilimo monga mukucheza naye. Mawu amene atuluke pamenepo ndiwo mulembe, ndipo paliponse pamene munthuyo afunse kuti mukutanthauza chiyani, pakonzedwe musanapite kubwalo.

Sindikulimbikitsa kulankhula za m'mutu zokhazokha, chifukwa pali zinthu zimene siziyenera kulakwika. Mayina ndi maudindo a mafumu, ziwerengero za ndalama, masiku a ntchito ndi malo othawirako zilembedwe pakapepala ndi zilembo zazikulu, ndipo mukafika pamenepo muwerenge osachita manyazi. Zotsalazo mulankhule maso ali kwa anthu. Muyeserere mokweza mawu muli ndi wotchi, pokumbukira kuti pachimkuzamawu munthu amayenera kulankhula pang'onopang'ono kuposa m'nyumba, makamaka pabwalo lapanja pamene mawu amachedwa kufika kumbuyo. Popeza nthawi ndi yochepa, yambani ndi nkhani ya chitetezo anthu adakali tcheru, ndalama zibwere pambuyo. Mukayamba ndi ndalama, mkangano wake ukhoza kudya nthawi yonse musanafike pa za kuthawa madzi.

Nthawi ya mafunso ikafika, wina akhoza kufunsa m'Chiyao kapena m'Chilomwe, mlendo akhoza kufunsa m'Chingerezi, ndipo wina adzafunsa ndi mawu otsika amene akumveka kwa oyandikana naye okha. Funso lililonse mulibwereze pachimkuzamawu m'Chichewa, mothandizidwa ndi wodziwa chinenerocho ngati pakufunika, mumufunse mwini wake ngati mwalimva bwino, kenako muyankhe bwalo lonse osati iye yekha.